Nkhwangwa idikire kaye

Mvula yoyamba ikangobwera ndi mphepo yamkuntho, m'midzi ndi m'matauni momwe mumayamba kulira nkhwangwa. Munthu wamva pawailesi kuti kwinakwake mtengo wagwera nyumba usiku anthu ali m'tulo, ndiye kukacha amatuluka n'kuyang'ana mtengo wa mango womwe wakhala pakhomo pake zaka 30 ngati mdani amene wangomuzindikira kumene. Dzuwa likamapendeka pakhomo payera, patsala chitsa ndi mulu wa nkhuni, ana akulimbirana nthambi. Ndaziona izi ku Zomba, ndazionanso ku Blantyre, ndipo nthawi zonse mtima umandipweteka. Munthuyo wathetsa mantha a usiku umodzi koma wadziitanira mavuto a zaka zambiri. Mtengo wagwa m'maola awiri, koma ngakhale adzale wina tsiku lomwelo, odzakhala pamthunzi wake ndi adzukulu.

Musaganize kuti ndikulankhula chonchi chifukwa sindinaonepo mtengo ukugwa. Ndinauona, ndipo unagwera nyumba imene ndinkagonamo ndi ana anga.

Tinkachita lendi ku Bangwe nthawi imeneyo. Kuseri kwa khitchini, mapazi atatu okha kuchokera pakhoma, kunali mtengo waukulu wa malayina. Choyamba kudandaula chinali chitseko cha khitchini: chinayamba kukhula pansi, kenako n'kukaniratu kutsekeka. Patapita miyezi, pasimenti panatuluka mng'alu wopyapyala wochokera pakona kulunjika pakati, nyerere n'kuusandutsa msewu wawo. Kenako madzi a m'sinki anasiya kutsika. Mmisiri atakumba panja n'kudula paipi, anasololamo mtolo wa timizu toyera tolukanalukana ngati tsitsi, wautali kuposa mkono wake. Ndinapita kwa eni nyumba. "Bambo, mtengo uja ukuphwanya nyumba, mukauoneko." Iwo anati, "Mayi, mtengo umenewo ndinadzala ndekha nyumbayi ndisanaifolere, ndipo sunalakwirepo munthu."

Chakumapeto kwa chaka anatuma anyamata kudzakumba ngalande kumtunda kwa nyumba kuti madzi asamalowe pakhonde. Anyamatawo anakumana ndi mizu itatu yaikulu ngati ntchafu, ndipo poti inkawatsekera njira, anaidula. Palibe amene anaganizapo kanthu, ngakhale ine ndemwe. Mu Januwale mvula inagwa masiku atatu osakata, nthaka n'kufewa ngati phala. Usiku wachitatu kunawomba mphepo, tinamva chinthu chikung'ambika pang'onopang'ono, kenako chiphokoso cha malata. Mtengo unagona pakhitchini. Mwana wanga wamkazi anali m'chipinda choyandikana nayo, ndipo chimene chinamulekanitsa ndi thunthu lija ndi khoma limodzi la njerwa. M'mawa titapita kukaona, tinapeza patsinde pali mphako yoti mutu wa munthu n'kulowamo, yodzaza ndi dothi la chiswe.

Kwa nthawi ndithu ndinkadana ndi mtengo uliwonse woyandikira denga. Koma mtima utakhala pansi ndinaona kuti mtengo uja unatichenjeza chaka chathunthu, kudzera m'chitseko, m'simenti ndi m'paipi, ndipo ife tinaumaliza ndi manja athu podula mizu ya mbali imene inkaugwira. Unadzalidwa pamalo olakwika, unali wa mtundu wosayenera pakhoma, ndipo panalibe amene anawerama n'kuuyang'ana patsinde.

Maganizo anga onse pankhaniyi agona apa: mtengo waukulu wa pakhomo ndi chiweto. Ng'ombe imalima, imakoka ngolo, imapereka mkaka, komanso imatha kugunda munthu n'kumupha. Koma palibe amene amapha ng'ombe zake zonse chifukwa choti ya mnzake yagunda mwana. Amaimangira khola poyenera, amaiyang'ana m'mawa uliwonse, ndipo amaipha pokhapokha ikadwala mosachiritsika. Mitengo yathu timafuna itipatse zonse, koma kuiweta sitifuna. Timaiiwala zaka 20, kenako timaikumbukira tili ndi nkhwangwa m'manja.

Tiyeni tione kaye zimene timataya. Kwathu kumudzi, chakufupi ndi Thondwe, pali mtengo wa mango umene agogo anadzala amayi asanakwatiwe. Kunena zoona, nyumba yeniyeni ya amayi ndi mtengo umenewu, ya njerwa ija ndi yogonamo basi. Pansi pake ndi pamene amatong'olera chimanga, kusankha nyemba, kusinja ndi kulandira alendo. Bambo atamwalira, azibambo amene anabwera kudzakhuza maliro anakhala pamenepo, ndipo sitinavutike kufunafuna tenti. Makolo athu ankaweruza milandu pansi pa kachere kapena mkuyu, ndipo mpaka lero tikamati ndikutsikira ku Kachere kapena ndikakwerera ku Mibawa, tikutchula mayina a mitengo.

Ndiye pali kutentha. Mu Okutobala ndi Novembala nyumba ya malata yopanda siling'i imasanduka uvuni. Ku Chikwawa ndi Nsanje kutentha kumadutsa madigiri 40. Malata ndi makoma amamwa dzuwa tsiku lonse n'kumalitulutsa usiku, n'chifukwa chake khanda limalira mpaka pakati pa usiku thukuta lili kamukamu, mawindo onse ali otsegula. Mtengo woima chakumadzulo kwa nyumba umatchinga dzuwa la masana ndi la madzulo kuti lisawotche khoma. Komanso masamba amatulutsa chinyezi chimene mizu yakoka pansi, ndiye mthunzi wa mtengo umakhala wozizirirapo kusiyana ndi wa shedi ya malata. Aliyense amene anadikirapo basi pamalo awiriwa akudziwa kusiyana kwake. Nyumba zambiri m'dziko muno zilibe magetsi, fani ndi ya anthu ochepa. Kwa agogo odwala, kwa mayi woyembekezera, kwa mwana amene thupi latentha ndi malungo, mthunzi umenewu si wongosangalatsa, ndi wofunika ngati madzi akumwa.

Mango amapsa kuyambira Novembala mpaka cha mu Januwale, nthawi imene nkhokwe zambiri zayamba kuonetsa pansi. Amene anakulira kumudzi akudziwa mabanja amene chaka cha njala anapulumukira mango, ena mpaka kuphika aawisi. Mtengo umodzi wa mapeyala wobereka bwino umagula sopo, mchere ndi makope. Kuchigwa cha Shire masau ndi bwemba zimachita chimodzimodzi. Munthu akamadula mtengo wotere chifukwa cha nkhani ya pawailesi, akugwetsa nkhokwe imene siifuna feteleza.

Koma chimene chimandivutitsa maganizo kwambiri ndi mphepo yomweyo imene timadulira mitengo. Chaka chilichonse mvula ikamayamba timamva za madenga osasuka, a nyumba, a sukulu, a matchalitchi. Mukayendera malo otere, kawirikawiri mupeza nyumba ili poyera, mphepo yachokera kutali popanda choidodometsa n'kufikira pamalata ndi mphamvu zake zonse. Mitengo yoima patali pang'ono, mbali imene mkuntho umachokera, imaphwanya mphamvu imeneyo. Woyeretsa pakhomo poopa kuti mtengo ugwera denga, nthawi zambiri walipereka denga lomwelo kwa mphepo.

Za nthaka tinaziona mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. M'chigawo chakumwera anthu oposa 600 anafa ndipo mazana ena sanapezeke. Ndisakokomeze: mvula ija inali yochuluka moti ngakhale malo ena okhala ndi mitengo anagumuka. Komabe phiri lometedwa mpala ndi makomo opanda muzu uliwonse sizigwira madzi ngakhale pang'ono. Madzi a padenga lanu amathamangira kwa mnzanu wakumunsi, ake n'kuwonjezera, pofika kumtsinje asanduka chigumula.

Walira mvula walira matope, ndipo matope a mitengo ndawalawa ndekha, choncho sindiwabisa. Koma ngozi iliyonse imene ndikuidziwa ili ndi chiyambi chake, ndipo chiyambicho nthawi zambiri ndi tsiku lodzala. Mbande imaoneka yaing'ono, ya masamba anayi, ndiye timaiika pafupi ndi khonde kuti tizithirira mosavuta ndi madzi otsukira mbale, komanso kuti mbuzi zisaidye. Timaiwala kuti bulugamu amatha kupitirira mamita 30 kutalika, pamene puloti ya m'tauni mwina ndi mamita 15 okha m'lifupi. Mtengo wotere ukagwa, ngati suphwanya nyumba yanu uphwanya ya aneba. Bulugamu amathanso kugwetsa nthambi kunja kuli bata. Malo ake ndi kumunda wa mitengo kapena kumalire akutali, osati pamwamba pa chipinda chogona. Malayina, mkuyu ndi kachere zili ndi mizu yamphamvu yoyenda mtunda, zimayenera pabwalo lotakasuka. Pafupi ndi nyumba pamakwana gwafa, malalanje, mandimu, mpoza, chammwamba ndi mapapaya. Mango ndi mapeyala ndimati ayambire mamita 10 kupita kutali, ndipo ngati mtunda umenewo palibe, pezani mango olumikiza amene sakula kwambiri ndipo muziwadulira.

Ambiri timaganiza kuti mizu imalowa pansi molingana ndi kutalika kwa mtengo. Ayi ndithu. Mizu yambiri imayenda m'mwambamwamba, m'kati mwa mita yoyamba ya nthaka, ndipo imafika kutali kuposa pamene nthambi zalekezera. N'chifukwa chake ngalande yosaya ngati ija ya ku Bangwe imatha kupha mtengo woimirira. Aliyense wokumba maziko a mpanda, dzenje la chimbudzi kapena njira ya paipi pafupi ndi mtengo waukulu adziwe kuti muzu uliwonse waukulu umene waudula ndi chingwe chimodzi chimene wamasula. Ndipo mizu siboola paipi yabwinobwino, imatsatira chinyezi n'kulowera polumikizira pamene pakudontha. Paipi yathu ija inali itayamba kale kuchucha.

Dothi nalo lili ndi mbali yake. Makande, amene amapezeka kwambiri m'madambo, kuchigwa cha Shire ndi kuzungulira nyanja ya Chilwa, amafufuma m'dzinja n'kung'ambika m'chilimwe. Mtengo ukamamwa madzi mbali imodzi ya nyumba, dothi la mbali imeneyo limauma kwambiri, maziko n'kutitimira, khoma n'kung'ambika ngakhale muzu sunalikhudze. Pamalo otere mtunda uyenera kukhala wokulirapo kusiyana ndi pa katondo. Chodabwitsa n'choti pamakande kudula mtengo wakale mwadzidzidzi nakonso kumang'amba nyumba, chifukwa dothi lomwe linazolowera kuuma limayamba kufufuma n'kutukula maziko. Nkhwangwa si mankhwala a mng'alu uliwonse.

Mphenzi ndiyo sindingaichepetse. Mtengo wautali woima wokha ndi umene imakonda kugwerapo, ndipo mphamvu yake imatha kudumpha kuchoka pathunthu kupita kwa munthu kapena kuyenda m'nthaka yonyowa. Dzinja lililonse timataya anthu amene anabisala mvula pansi pa mtengo. Ana auzidwe mobwerezabwereza kuti kukayamba kung'anima, mthunzi umene amaukonda masana uja authawe n'kulowa m'nyumba. Chimodzimodzi nthambi yokhudza mawaya a magetsi: imeneyo si ya mnyamata wa chikwanje, ndi yokauza a ESCOM. Ndipo nyengo ya mango ndi nyengonso ya mikono yothyoka. Akulu anati mtengo usamakoma pokwera pokha. Ndodo yaitali ya nsungwi yokhala ndi ngowe kunsonga ndi yotchipa kuposa ulendo wa kuchipatala.

Zina zimene timadulira mitengo ndi zazing'ono. Masamba akaunjikana pamalata amasunga chinyezi n'kuchititsa dzimbiri, koma mankhwala ake ndi tsache ndi makwerero kawiri pachaka. Njoka zimakopeka kwambiri ndi makoswe, tchire ndi milu ya njerwa kusiyana ndi mtengo wosesedwa pansi. Ndipo ndikudziwa makomo amene anagwetsa mtengo wa zaka zambiri chifukwa kadzidzi analira pamenepo usiku. Mantha amenewa ndimawamvetsa, tinakula nawo tonse. Koma kadzidzi amabwera kudzasaka makoswe omwe akutha chimanga m'nkhokwe, ndipo mtengo ukagwa amangosamukira padenga.

Kuweta mtengo si ntchito yaikulu. Mu Seputembala kapena Okutobala, mvula isanayambe, patulani ola limodzi n'kuuzungulira. Werameni muone patsinde ngati pamera bowa, ngati pali mphako kapena njira za chiswe zokwera m'khungwa. Gogodani thunthu ndi chipanthi cha nkhwangwa: wabwino umamveka wolimba, wofumbwa umalira ngati ng'oma. Yang'anani pamphanda ngati pang'ambika, kumutu ngati nthambi zayamba kuuma, komanso pansi ngati nthaka yatukuka mbali imodzi. Mtengo umene unali woongoka chaka chatha koma chaka chino wapendekera kunyumba, usadikire msonkhano wa banja. Umenewo ugwe, ndipo ine ndikhala woyamba kugwira chingwe. Chimene ndikukana ndi kudula wabwinobwino chifukwa cha tchimo la wina.

Kusadzira nako kuli ndi nzeru zake. Nthambi yaikulu imayamba kuchekedwa pang'ono pansi pake, kenako pamwamba, kuti pogwa isasende khungwa la thunthu. Chitsa chachitali chosiyidwa pamenepo chimaola n'kulowetsa chiswe. Choipa kwambiri ndi chimene timachikonda m'matauni, kuumeta mtengo mutu wonse n'kusiya chithunthu chili njo ngati mzati. Pamenepo pamaphuka mphukira zambiri zothamanga kukula koma zongomata pakhungwa, ndipo pakatha zaka zingapo ndi zomwezo zimene zimathyoka ndi kamphepo kochepa. Munthu amaganiza kuti wachotsa ngozi pamene waifesa.

Apa ndi pamene ndikuona kuti boma ndi makhonsolo akutisiya tokha. Chaka chilichonse kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo timakhala m'nyengo yodzala mitengo. Timamva chiwerengero cha mbande, timaona akuluakulu atagwira makasu, ndipo ana amabwera nazo mbande kuchokera kusukulu. Zonsezi n'zabwino. Koma mwana amene wapatsidwa mbande ya bulugamu auzidwenso kuti aiike mapazi angati kuchokera pakhoma. Alangizi a zankhalango akamaphunzitsa kukumba dzenje, aphunzitsenso kusankha malo. Khonsolo ikamavomereza pulani ya nyumba, ifunsenso za mitengo imene ili papuloti, kuti womanga asaigwetse yonse kuwotchera njerwa komanso asamange khoma pamizu. Ndipo kugwetsa mtengo waukulu pakati pa nyumba zothinana ndi luso lofunika kuphunzira monga ukalipentala ndi kuwotcherera. Lero ntchito imeneyi timaipereka kwa mnyamata aliyense wolimba mtima amene ali ndi chikwanje, amakwera wopanda lamba, ndipo akagwa amalira ndi amake okha. Bwanji a TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, osayambitsa maphunziro afupiafupi a ntchitoyi, kuti m'tauni iliyonse mukhale anthu odziwika amene angayeze mtengo, kuusadzira ndi kuutsitsa chidutswachidutswa? Achinyamata apeza ntchito, ndipo mitengo yambiri imene ikanagwa yonse ingotaya nthambi imodzi.

Eni nyumba zochititsa lendi, mawu a wokhala m'nyumba mwanu muziwamvera. Iye ndi amene amamva nthambi ikukhula malata usiku, inu muli kwanu. Ndipo mtengo wa m'malire ukambidwe ndi aneba kunja kukadali bata, chifukwa ukagwa nkhani yake imathera kwa amfumu kapena kupolisi, chibale cha zaka zambiri n'kuthera pomwepo.

Okutobala wapitayu ndinapita kumudzi ndipo ndinapeza nthambi imodzi ya mango aja itatambalala mpaka pamwamba pa chipinda cha amayi. Achimwene anali atapangana kale ndi munthu wa makina kuti adzaugwetse wonse, matabwa ake agawane. Amayi anangoti, "Ana inu, mukadula mtengo uwu mundipezeretu kokhala masana." Tinauzungulira, tinaugogoda, unamveka wolimba mbali zonse, patsinde popanda bowa kapena chiswe. Tinamanga nthambi ija ndi chingwe n'kuitsitsa zidutswa zitatu, osakhudza lata ngakhale limodzi. Nkhuni zake amayi aphikira mwezi wathunthu. Tisananyamuke ndinayeza mamita 10 kuchokera pakhoma lakumadzulo n'kukhoma chikhomo pamene tidzadzale wina mvula ikakhazikika, kuti tsiku limene wa agogowu udzatope, pakhomo pasadzakhale poyera.